Ndani Akuchiuza Kuti Chikule?

Inu amene mwakhala manja ali m'masaya mukuti zanu zatha, sunthirani kuno ndikuuzeni za mtsikana wina amene anthu ankamutcha Mwadzuka.

Chaka chimene analakwa mayeso omaliza a kusekondale ndi chomwecho chimene bambo ake anagonekedwa m'chipatala, mimba itatupa, maso ali chikasu. Zoipa ziwiri zinafika pakhomo limodzi ngati zinachita kupangana. Mtsikanayo ankakhala pakampando pambali pa bedi, kuwapukuta thukuta, manyazi ndi mantha zikumudya.

Dzina loti Mwadzuka sanabadwe nalo ayi, analipeza chifukwa cha moni. Mwana ameneyu sankadutsa munthu osamulonjera, ndipo moni wake sanali wongokweza dzanja. Ankaima, n'kufunsa za ana, za mwendo umene unkapweteka uja, za mlendo amene anabwera dzana. Kumutuma mchere kugolosale kunali kudzilanga wekha. Ngakhale m'chipatalamo, ali ndi chisoni chake, ankayamba wazungulira mabedi onse asanakhale pansi.

Bambo ake anali makaniko, munthu amene sankakhulupirira kuti chinthu chimangowonongeka chokha. Galimoto ikabwera pagalaja hutala itakakamira, ikulira osaleka, anzawo ankathamangira kukaimenya ndi sipanala. Iwo ankawaletsa. Ankati hutala ilibe mlandu, ikungomvera zimene yauzidwa, ndiye atsatire waya mpaka apeze chimene chikuiuza.

Dokotala atawafotokozera kuti m'chiwindi mwawo muli chotupa cha khansa, ndipo yapita kale patali, sanalire. Anangofunsa funso limodzi.

"Adokotala, ndani akuchiuza kuti chikule?"

Dokotalayo anawagwira phewa n'kunena kuti nkhaniyo ndi yaitali. Sanalakwe, odwala ena anali mbwee kumudikira. Atatuluka, bambowo anatembenukira kwa mwana wawo. Ankadziwa bwino lomwe kuti walakwa mayeso, makamaka sayansi, koma anamuuza kuti, "Iwe wa sukulu, udzandifunsireko."

Anamwalira funsolo lisanayankhidwe.

Galaja inatsekedwa. Pakhomo panangotsala sipanala imodzi imene amayi ake anaikoleka pamsomali m'chipinda chochezera. Mwadzuka anapeza ntchito yosita zovala pamalo ena ochapira, ndipo masana akaweruka ankathamangira ku sukulu ya obwereza, manja akununkha sopo.

Analembanso mayeso, analakwanso. Oyandikana nawo anayamba kulangiza amayi ake kuti mutu wa mwanayo si wa sukulu, bola akwatiwe nkhope ikadali yosalala. Iye ankawamva, n'kuwapatsabe moni m'mawa mwake. Ulendo wotsatira anakhala m'kalasi ndi ana amene ankamuitana kuti anti, mawondo akugunda kunsi kwa desiki. Anakhoza.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinayenda myaa. Ku koleji ya za labotale anapita movutikira, anamaliza movutikira, mpaka anapeza ntchito yoyeza magazi pachipatala china chachikulu. Amayi ake anati apa ndiye afika. Koma funso la makaniko linali likadamukanda mumtima.

Pamwamba pa nyumba ya labotaleyo panali mayi wina, profesa, wofufuza za khansa ya m'chiwindi. Anali wa mawu ochepa, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Mwadzuka ankawalonjera pamasitepe tsiku lililonse, iwo n'kumangogwedeza mutu. Tsiku lina moni atatha anadzilimbitsa mtima n'kuwafunsa funso la bambo ake, monga momwe iwo analifunsira.

Profesa anaima. Anakhala pansi pasitepe pompo, gauni yoyera ili m'fumbi, n'kuyamba kufotokoza.

Anati chiwindi, monga thupi lonse, chinapangidwa ndi maselo osawerengeka, ndipo selo siligawika mwachisawawa, limadikira uthenga. Uthengawo amanyamula ndi mapuloteni, iyi kupatsira inzake, inzakeyo kupatsira ina, kuchokera kunja kwa selo mpaka m'kati mwenimweni. Puloteni ikalandira uthenga imamatidwa kachizindikiro kakang'ono kosonyeza kuti yayaka. Uthenga ukadutsa, kachizindikiroko kamachotsedwa, puloteni n'kuzima. Koma mu khansa zambiri za m'chiwindi pamakhala puloteni ina yokana kuzima, ndiye selo limangomva kuti gawika, gawika, gawika.

Mwadzuka anazindikira pomwepo. Imeneyi inali hutala ija. Anawauza profesa za galaja ndi waya, ndipo kwa nthawi yoyamba anawaona akuseka. Pasanapite nthawi anamutenga kuti amuyese m'gulu lawo la ofufuza.

Ntchito imene anamupatsa inali iyi. Odwala amene chotupa chawo chinali chotheka kuchotsedwa, akavomera okha, ankapereka kachidutswa ka chotupacho ndi kena ka chiwindi chabwino choyandikana nacho. Mwadzuka ankakatenga tizidutswato kuchipinda cha opaleshoni, kutipera, kusefa mapuloteni ake, kenaka n'kutsuka kafilimu m'chipinda chamdima. Ngati puloteni imene ankaifuna inali yoyaka, pafilimupo pankayenera kutuluka kamzere kakuda.

Filimu yake yoyamba inatuluka yoyera mbee. Yachiwiri chimodzimodzi. Miyezi inapita, mafilimu ali mbee.

Anasintha mankhwala osefera. Anaitanitsa okonza makina, iwo n'kupeza kuti makina ali bwino. Profesa anaima pambali pake kuyang'ana manja ake kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osapeza cholakwa. Anzake anayamba kumuseka kuti mafilimu a Mwadzuka akuyera chonchi chifukwa anazolowera kuchapa zovala. Iye ankaseka nawo, koma akatseka chitseko cha chipinda chamdima misozi inkangotsika yokha.

Kenaka profesa anamuitanira mu ofesi. Anamuuza mosapita m'mbali kuti akuluakulu oyang'anira kafukufuku akhala pansi chaka chikamatha, ndipo ngati sipakhala choti awaonetse, malo ake apatsidwa kwa wina, iye abwerere pansi kukayeza magazi.

"Koma chondiwawa si malo ayi," anatero profesa. "Anthu aja amatipatsa mnofu wa m'thupi mwawo. Sindingapitirize kuwapempha kuti tizikatulutsa mapepala oyera."

Mawu amenewa anamubaya kuposa kulakwa mayeso konse kuja. Anafika kunyumba dzuwa likadali m'mwamba, anapeza amayi ake akuanula zovala, n'kuwauza kuti zamukanika, mwina oyandikana nawo aja ankanena zoona. Anawafotokozera zonse zimene anasintha, mankhwala, makina, ngakhale madzi otsukira filimu.

Amayiwo za mapuloteni sankazidziwa, koma anakhala ndi makaniko zaka zambiri. Anapinda nsalu imene inali m'manja mwawo n'kunena kuti, "Ine ndikumva ngati wakhala ukumenya hutala. Waya wamutsatira?"

M'mawa mwake Mwadzuka anayambira pafilimu kubwerera chammbuyo. Kuchoka pafilimu anafika pamakina, kuchoka pamakina anafika pamtondo wake woperera, kenaka pafiriji yaikulu youmitsa gwaa imene ankasungamo tizidutswa. Zonse zinali bwino. Kutsogolo kwa firiji kunali chitseko, ndipo kuseri kwa chitseko kunali kolido yaitali yopita kuchipinda cha opaleshoni.

Anayamba kuyenda m'kolidomo monga ankayendera akanyamula kambale ka tizidutswa. Sanapite patali, mlonda wa pachipata anamuimika, iye n'kufunsa za chifuwa cha akazi awo. Kutsogolo kunali mayi wokolopa amene mwana wake anali atangobereka kumene. Pakona panali bambo wa ku famase ndi nkhani zake za mpira. Ali m'kati mofunsa gogo wina wodikira odwala ngati anagona bwino, anazindikira pamene nthawi inkatayikira.

Abale inu, m'mabuku ankazidziwa. Kachidutswa kakangochoka m'thupi, magazi n'kusiya kukafika, tizizindikiro tija timayamba kusintha ndi kufufutika, pokhapokha kataumitsidwa msangamsanga. Ayezi amene ankaika m'kambale amangochedwetsa, saimitsa. Profesa anamuuza tsiku loyamba kuti azibwera nako mwachangu, ndipo iye ankalumbira kuti amabwera mwachangu. Sankaima pena kumwa tiyi, sankakhota. Koma moni sankamuwerengera ngati nthawi. Kwa iye moni anali ngati kupuma mpweya.

Opaleshoni yotsatira itachitika, chipatala chinaona zimene chinali chisanaonepo. Mwadzuka anatuluka ndi kambale ali liwiro, maso pansi. Mlonda anatsala dzanja lili m'mwamba. Mayi wokolopa anaitana, osayankhidwa. Pofika masana mbiri inali itafika mpaka kukhitchini kuti Mwadzuka wayamba matama, sukulu yamulowa m'mutu. Zinamupweteka koopsa, moti m'mawa mwake anayenda kolido yonse kupepesa mmodzimmodzi.

Filimu ya ulendo umenewo sinali yoyera kwenikweni. Ukaipendeketsa pawindo pankaoneka kanthu kotuwa ngati mthunzi wa ulusi. Profesa anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti chilipo, koma sangapite nacho kwa akuluakulu, angamuseke.

Ndiye kuti waya sanathere m'kolido. Anapitirira kulowa kunsi kwa chitseko cha chipinda cha opaleshoni, chitseko chimene Mwadzuka anali asanachigogodepo. Masiku onsewa ankakhala pabenchi panja, manja pamawondo, kudikira mwaulemu mpaka sisitala, nesi wamkulu wa m'chipindamo, atamutulutsira kambale.

Anawafunsa sisitalawo kuti kachidutswa kamakhala nthawi yotani m'katimo. Iwo anayankha mosabisa kuti dokotala akachotsa chotupa amachiika m'mbale pambali, pansi pa magetsi otentha aja, mpaka atseke bala, asoke, asambe m'manja, nthawi zina ayambe amwa madzi. Palibe amene anawauzapo kuti pali changu. Anati pomuona wakhala phee pabenchi, akumwetulira aliyense wodutsa, ankayesa kuti alibe pothamangira.

Njira inali imodzi basi. Ankayenera kulowa m'katimo ndi fulasiki ya nayitirojeni wamadzi, madzi ozizira koopsa moti amafuka utsi, kuti kachidutswa kakangodulidwa kaumire pomwepo.

Vuto linali mwini chipindacho. Dokotala wa opaleshoni anali katswiri, koma waukali moti manesi ankamutcha Chiphaliwali akakhala kuseri. Profesa atakapempha, dokotalayo anayankha kuti chipinda chake si msika, ndipo iye amasamala za munthu wamoyo amene ali patebulo, osati kanyama ka m'mbale. Kunena zoona, mfundo anali nayo.

Apa ndi pamene moni uja anabweza ngongole yake. M'mawa uliwonse Chiphaliwali akamafika, ankamupeza Mwadzuka pakhomo.

"Mwadzuka bwanji, adokotala? Kunyumba adzuka? Ndimati ndipemphenso zija."

Dokotala ankadutsa ngati wamva mphepo. Mawa lake, yemweyo. Mkuja, yemweyo, atawonjezera kufunsa za galimoto yawo imene inkavuta kulira. Masana Mwadzuka ankakakamira sisitala kuti amuphunzitse kusamba m'manja mpaka m'zigongono, kuvala gauni osaikhudza kunja, poyenera kuima ndi posayenera kupumira. Anaphunzira mpaka manja anasuwa.

Tsiku lina Chiphaliwali anaima, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi iwe sutopa?"

"Ndimatopa, adokotala. Koma ndinatumidwa ndi bambo anga."

Dokotala sanafunse zambiri. Anangoti akakomoka m'katimo palibe amene amudzutse, ndipo akakhudza nsalu yobiriwira iliyonse atuluka osabweranso.

Nthawi inali itatha. Akuluakulu asanakhale pansi panatsala opaleshoni imodzi yokha ya chiwindi, ya bambo wina wachikulire, telala, amene anabwera kuchipatala tepi yake yoyezera ili m'khosi. Mwadzuka anapita kukawafotokozera zonse, n'kuwauza kuti ali ndi ufulu wokana ndipo chithandizo chawo sichisintha. Atelala anamvetsera, kenaka anati, "Tengani mayi, ine chandikwana. Koma mukachifunse bwino chimene ndinachilakwira."

Mwadzuka anaseka, koma anatuluka msanga kuti asamuone akupukuta maso.

M'mawa wa opaleshoni anaima pakona pamene anauzidwa, fulasiki ili kumapazi, utsi woyera ukutuluka pang'onopang'ono. Mimba ya atelala itatsegulidwa, fungo ndi magazi zinamukumbutsa bedi la bambo ake. Analuma mlomo kuseri kwa masiki n'kuuza miyendo yake kuti ikagwa lero asiyana chibale.

Patapita nthawi dokotala ananyamula chotupa ndi manja awiri n'kuchiika m'mbale. Pomwepo magazi anatumphuka penapake m'mimbamo. Onse anaweramira patebulo, dokotala akuitanitsa zida mwaukali, sisitala akupereka. Mbale inatsala pambali, pansi pa magetsi, yoiwalika ngati masiku onse.

Mwadzuka anakhalabe pakona pake. Moyo wa atelala unali patsogolo, zimenezo sankafunika kuuzidwa. Anaima akuyang'ana mbale, akudziwa kuti tizizindikiro tikufufutika iye akuona, ndipo malo ake akufufutika nato limodzi.

Kenaka dokotala anawongoka n'kunena kuti magazi asiya. Anatambasula dzanja kuitanitsa ulusi wosokera. Za mtsikana wa pakona anali ataiwaliratu.

Chibadwire Mwadzuka anali asanadulepo munthu wamkulu ali pantchito, anali asanapemphepo kanthu asanapereke moni. Koma mawu anatuluka, omveka chipinda chonse.

"Adokotala, kachidutswa kanga. Panopa."

Sisitala anatseka maso kudikira kuti kugwe mphenzi. Chiphaliwali anamuyang'ana pamwamba pa masiki, kenaka anagwedezera mutu dokotala womuthandiza. Uja anadula kachidutswa ka chotupa ndi kena ka chiwindi chabwino, mbali yaikulu n'kuisiya kuti ipite kokapimidwa monga mwa nthawi zonse. Mwadzuka anatitsekera m'timabotolo n'kutiponya mufulasiki. Madzi aja anachita phokoso ngati mafuta pamoto, kenaka anakhala bata. Tinali taumiratu, uthenga uli momwemo.

Ndiye mukanamuona pobwerera. Chothamangira panalibenso. Anayenda pang'onopang'ono, fulasiki ili m'manja, kulonjera mlonda, kufunsa dzina la mdzukulu wa mayi wokolopa, kumvetsera mpira wonse wa bambo wa ku famase. Mlonda anauza anzake kuti mwana uja wachira.

Patapita masiku analowa m'chipinda chamdima. Anaviika filimu n'kuikweza pakagetsi kofiira. Kumbali ya chiwindi chabwino kunali kamzere kotuwa. Kumbali ya chotupa kunali mzere wakuda bii, wonenepa, wosafuna kupendeketsa. Sanakhulupirire. Anabwerezanso ntchito yonse ndi kanyama kotsala, mzere uja n'kutulukanso pomwepo.

Profesa anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anangomufunsa ngati ali ndi nsapato zabwino zoti avale pokaima pamaso pa akuluakulu.

Malo ake sanapatsidwe kwa wina. Atelala anatuluka m'chipatala ndi chipsera chachitali, akudandaula kuti dokotala amasoka mokhota. Ndipo kuyambira pamenepo, Chiphaliwali asanagwire mpeni pachiwindi cha munthu, ankayamba wakalipa kufunsa kuti wa fulasiki ali kuti.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Mwadzuka anapeza mankhwala a khansa. Mawaya m'selo ndi ambiri, ndipo yoyaka mwa wodwala uyu si yomwe imayaka mwa uja. Koma ofuna kuzimitsa ayenera kuyamba aona chimene chayaka, ndipo iye tsopano ankatha kuchiona ndi maso ake.

Loweruka lotsatira anapita ndi filimu imodzi kunyumba. Amayi ake anapukuta manja, anaitenga m'mphepete ngati chinthu chotentha, n'kuikweza pawindo. Anayang'anitsitsa kamzere kaja, kafupi kuposa chikhadabo.

"Ndi kameneka kanawatenga bambo ako?"

Mwadzuka akanatha kungovomera kuti awasangalatse, koma sanafune kuwanamiza.

"Ka iwo sitinakaone, amayi, tinachedwa. Aka ndi ka atelala. Koma ta odwala a mawa tizitiona."

Amayi anachoka pawindo. Anapita pakhoma, anaboola filimuyo pakona ndi singano, n'kuikoleka pamsomali womwe uja, pamodzi ndi sipanala. Anaima pamenepo kanthawi, kenaka anayankhula motsitsa, ngati mwini sipanalayo wangolowa kumene kuchokera kugalaja.

"Bambo, mwana wanu uja wakufunsirani."

Tsono inu amene mwandimvetsera, kaya mwalakwa mayeso, kaya ntchito yanu ikutulukabe yoyera mbee mutaikapo mphamvu zonse, musafulumire kunena kuti mutu wanu si wabwino. Lekani kudzimenya. Bwererani chammbuyo pang'onopang'ono, muone pamene pakutayikira zinthu, ngakhale patakhala pa khalidwe limene mumanyadira nalo. Mukafika pachitseko chimene mwakhala mukuchiopa, dzukani pabenchipo mugogode, ndipo akakubwezani mubwerenso mawa. Mtima wokhawo musautaye, pali wina amene akudikira yankho lanu.